Za Mapazi Athu ndi Kanjere ka Nsapato

Pa nthenda zonse zimene zisautsa anthu a m'matauni, palibe ina imene munthu acita nayo manyazi kukaionetsa ku cipatala koposa kanthu kaja kolimba kamene kamera pa cala ca kuphazi, makamaka pa cala cacing'ono ca kumapeto. Kukula kwace sikuposa njere ya mapira, koma kayendetsa mwamuna wa ndevu zace motsimphina ngati waponda minga. Azungu akacha corn, ndipo ambiri amene anaphunzira Cingerezi aganiza kuti dzinali litanthauza cimanga. Si tero ai. Licokera ku liu la Cilatini lakuti cornu, ndiko kunena nyanga, cifukwa khungu la pamenepo liuma ndi kulimba monga nyanga ya mbuzi. Ife sitingayese kukacha nyanga, pakuti kwathu munthu amene amveka kuti ali ndi nyanga anzace amthawa. Cotero m'nkhani ino ndidzakacha kanjere ka nsapato.

Cinyanja cathu cili ndi maina okwana a zobvuta za kumapazi. Pali zikang'a, ndilo khungu lokhakhala la ku cidendene ndi la kunsi kwa phazi. Pali ming'alu ya m'cilimwe. Pali matuza, njerewere ndi matekenya. Koma mukaonetsa nkhalamba ya kumudzi kanjere aka, idzangoti, "Nsapato yakuluma, mwanawe." Nkhalambayo inena zoona, ndipo kuti timvetse mankhwala amene anthu ayesa lero tiyenera kuyamba taona m'mene mapazi athu analiri nsapato isanabwere.

Makolo athu a kuno kum'mawa, Acewa, Ansenga, Akunda ndi Angoni, anali kuyenda ndi mapazi okha. Phazi la munthu wotere litambasuka, zala zitalikirana, palibe cimene cipanikiza cinzace, ndipo khungu la kunsi likhuthala lonse pamodzi monga cikopa. Ife a ku sukulu tinazolowera kuseka mapazi otere, ndi kumati ndi a kumidzi. Koma m'caka ca 2019 anthu ophunzira a ku Harvard, pamodzi ndi anzao a ku Germany ndi a ku Kenya, anayesa mapazi a anthu a ku Kenya ndi a ku America, napeza kuti khungu lokhuthala la woyenda wopanda nsapato lichinjiriza phazi koma silicepetsa kumva kwace. Mwini wace amva kamwala ka m'njira monga momwe akamvera munthu wa khungu lofewa.

Masamalidwe ao anali otere. Posamba ku mtsinje munthu anali kuyamba wabviika mapazi m'madzi, ndipo khungu litafewa anali kukweca zikang'a pa mwala wokhakhala. Kumene kunalibe mwala anali kutenga citsononkho ca cimanga kapena phale. Atatha anali kudzola mafuta a nsatsi. Amai anali kukazinga nsatsi, kuzisinja, ndi kuziphika m'madzi kufikira mafuta atayandama pamwamba. Pamenepo anali kuwayengula ndi kuwasunga m'nsupa. Angoni, pokhala eni ng'ombe, anali ndi mafuta a ng'ombe. Osaka nyama ndi a paulendo wautali, makamaka m'cigwa ca Luangwa kumene mcenga uocha m'mwezi wa October, anali kusoka nkhwaira za cikopa. Koma nkhwaira ili poyera, cala cacing'ono cikhala pa mtendere. Taonani kuti m'zonsezi munalibe mpeni. Anali kufewetsa, kukweca pang'ono ndi kudzola, ndipo sanali kufuna kucotsa khungu lonse, cifukwa ndilo linali nsapato yao.

Cinthu coyamba cimene cinasintha mwambo umenewu si nsapato ai, koma matekenya. Kwao kweni kweni ndi ku South America. Olemba mbiri asimba kuti anatsikira pa dooko la Ambriz, m'dziko la Angola, ca m'ma 1872, m'ngalawa yochedwa Thomas Mitchell imene inacokera ku Brazil itasenza mcenga. Kucokera kumeneko anayenda m'mapazi a amalonda, a onyamula akatundu ndi a asilikari, ndipo zisanathe zaka 30 anali atadutsa Africa yense kufikira ku nyanja ya kum'mawa. Thekenya lalikazi liboola khungu, kawirikawiri m'mbali mwa cikhadabo, ndipo likhala m'menemo ndi kutupa ndi mazira. Mankhwala ace a kumudzi anali kulitulutsa lathunthu ndi minga kapena phini, osaliphulitsa, ndi kuthira phulusa kapena parafini pa dzenje lace. Nchitoyi inakhala luso la m'mudzi. Panali agogo odziwika a dzanja lopepuka amene ana onse anali kuwapititsira mapazi ao. Ine ndiganiza kuti ndi pamenepa tinaphunzira maganizo akuti ciri conse copweteka pa cala cili ndi mwini wace m'kati, woyenera kumfukula. Pa thekenya maganizowa ndi oona. Tsoka lace ndi lakuti tinawatengera ku kanjere ka nsapato, kumene kulibe kanthu kofukula.

Nsapato inadza m'mbuyo mwa msonkho. Angoni a Mpezeni atagonja m'caka ca 1898, boma la British South Africa Company linakhazikika pa Fort Jameson, pamene lero ticha Chipata, ndipo m'caka ca 1901 linayamba kukhometsa msonkho wa nyumba m'dziko la North-Eastern Rhodesia. Ndalama kumudzi kunalibe. Amuna anayenda pansi masabata ambiri, kuoloka Zambezi pa Feira kapena kudzera m'dziko la Tete, kukafuna nchito ku Salisbury, ku Wankie ndi ku Joni. Anapita ndi mapazi okha, koma pobwera aliyense anafuna kuoneka kuti anayendadi: bokosi, bulangete, jekete, cipewa ndi nsapato. Agogo anga aamuna, amene anayenda ulendowu ali mnyamata, anali kusimba kuti nsapato anali kuzimanga pamodzi ndi zingwe zace ndi kuzikoleka m'khosi njira yonse, ndipo anali kuzibvala pa dambo lomaliza, mudzi uli kuonekera. Poyenda mtunda wocepawo anali kumva kuwawa kopambana kwa ulendo wonse, koma nkhope inali yosekerera, pakuti akazi anali kuimba nthungululu.

Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amtengatenga ndi asilikari akuda ambiri anayenda opanda nsapato. Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 anyamata a Northern Rhodesia Regiment, amene anakamenya ku Somaliland, ku Madagascar ndi ku Burma, anabwerako atazolowera majombo. Pakati pa nkhondo ziwirizi migodi ya mkuwa inatseguka: Roan Antelope inayamba kutulutsa mkuwa m'caka ca 1931, Nkana m'caka ca 1932, Mufulira m'caka ca 1933, ndipo nchito ya pansi pa mgodi inafuna jombo. Kampani ya Bata, imene Tomáš Baťa anaiyamba ku Zlín m'caka ca 1894, inamanga fakitale ku Gwelo m'caka ca 1939, ndipo nsapato zotsika mtengo zinaculuka m'maiko ano. Koma amene anadwala koposa si a ku migodi, pakuti jombo ndi lotakasuka. Anali aphunzitsi, alaliki ndi ife akalaliki a pa boma. Kwa anthu otere nsapato yakuda yosongoka inali cizindikilo cakuti munthu anapita ku sukulu, ndipo kuibvula pa nchito kunali ngati kubvula maphunziro.

Cimene ambiri aiwala ndi magulidwe ace. M'matauni a m'mbali mwa njanji, m'masitolo ambiri a Azungu munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa pa khomo. Anali kuima pa kazenera ka kumbali, kunena cimene afuna, ndi kulandira cimene ampatsa. Mwambo umenewu ndiwo umene African National Congress, motsogozedwa ndi Harry Nkumbula, inalimbana nao pamene inaletsa anthu kugula nyama m'mabuchala a mu Lusaka m'caka ca 1954. Nyama yoipa ya pa zenera munthu aidya tsiku limodzi, koma nsapato yosayesa akhala nayo zaka. A kumidzi anali kuyesa phazi ndi kacingwe kapena kabango, ndi kupatsira mbale wopita ku tauni. Kacingweko kanena utali wokha, sikanena kutambasuka. Ndipo phazi limene linakula lopanda nsapato ndi lotambasuka kutsogolo, pamene nsapato zinasokedwa pa cikombole ca phazi la munthu amene anabvala nsapato ciyambire ukhanda wace. Cala cacing'ono ndico cinalipira kusiyana kumeneku.

Titalandira ufulu m'caka ca 1964 zenera linali litatsekedwa kale, koma bvuto linangosintha malaya. Kunabwera maliposa a pulasitiki, amene safewa ngakhale muwabvale zaka zisanu, ndipo asunga thukuta. M'zaka za m'ma 1980, pamene katundu anasowa m'masitolo, mwana anali kulowa m'nsapato ya mkulu wace, kapena anali kumgulira yaikulu kuti adzakuliremo; ndipo nsapato yokhwepa ipekesa cala monga yothina. Kuyambira 1991, malonda atamasuka, salaula inadzaza misika, ndiyo imene kwathu kum'mawa tiicha kaunjika. Sindinyoza salaula, pakuti yabveka anthu ambiri amene sakanatha kugula zatsopano. Koma nsapato ya cikopa itenga maonekedwe a phazi la mwini wace woyamba, ndipo wogula waciwiri aloweza phazi lace m'nyumba yomangidwira munthu wina.

Tsono kanjereko ndi ciani? Khungu likapanikizidwa kapena kupekesedwa pa malo amodzi masiku ambiri, lidzichinjiriza pokhuthala. Malowo akakhala otambasuka, pabwera cikang'a, cimene kawirikawiri sicipweteka. Koma akakhala ang'ono, pamwamba pa mfundo ya fupa, khungu louma lisowa kopita, ndipo liunjikana ngati kamsomali kosongokera m'kati. Nsonga yace ndiyo ibaya mitsempha pamene nsapato ikanikiza. Kena kamera pakati pa zala, makamaka pakati pa cacinai ndi cacisanu, ndipo kakhala koyera ndi kofewa cifukwa ca thukuta. Kanjereka kalibe muzu, kalibe kacirombo, sikapatsirana. Ndi khungu lakufa la mwini wace. Ici ndico cifukwa cace kamabwerera: anthu ati muzu unatsala, koma cimene cinatsala ndi nsapato yomweyo. Njerewere ya kunsi kwa phazi ndi ina. Imeneyo idza ndi kacirombo, ioneka ndi timadontho takuda, ndipo ipweteka koposa mukaifinya m'mbali, pamene kanjere kapweteka mukakanikiza pamwamba. Thekenya lioneka ndi bwalo loyera lokhala ndi dontho limodzi lakuda pakati.

Pa mankhwala onse a m'nyumba amene ndawaona kapena kuwamva m'maofesi m'mene ndagwira nchito, abwino koposa ndi akale aja a ku mtsinje. Bviikani phazi m'madzi ofunda mphindi 10 kapena 15, kwecani pang'ono ndi mwala, ndipo dzolani mafuta a nsatsi kapena Vaseline. Citani cotero madzulo ambiri, osafuna kutsiriza tsiku limodzi. Ena athira mcere kapena soda m'madzimo. Sizilakwa, koma cimene cigwira nchito ndi madzi ofundawo. Pakati pa zala pokha musadzolepo mafuta. Pamenepo pafuna kuuma, ndi kuikapo kathonje kolekanitsa zala.

Utomoni wa papaya wosapsa uli ndi nzeru yace. Amai adziwa kuti nyama yolimba ifewa mukaikulunga m'masamba a papaya, ndipo mphamvu yomweyo ifewetsako khungu louma. Koma sudziwa kusiyanitsa khungu lakufa ndi lamoyo, ndipo ena uwayabwa ndi kuwatupitsa. Ndimu ndi anyezi womanga usiku wonse zingonyowetsa khungu, monga acitira madzi. Adyo wosinja womangidwa pa cala aocha ngati moto, ndipo asiya thuza. Utomoni wa nkhadze, umene ena adontheza pa njerewere, udya khungu lamoyo, ndipo dontho limodzi lolowa m'diso likhoza kumcititsa munthu khungu. Za asidi wa m'batire la galimoto ndi soda yoocha yopangira sopo, zimene ndamva kuti anyamata ena ayesa, sindifuna kutayapo mau. Zimenezo si mankhwala.

Palinso amene apita kwa sing'anga. Kwathu cikhulupiriro cakuti munthu angathe kuchera mnzace mankhwala pa njira ndi cakale, ndipo phazi likapweteka popanda bala looneka anthu afulumira kunena kuti waponda zoipa. M'ofesi maganizowa akula msanga, cifukwa pali mpando umodzi wokwezedwapo ndi anthu atatu oufuna. Sing'anga atema mphini, apakamo zakuda, nauza wodwala kuti akhale masiku angapo osabvala nsapato kuti mankhwala agwire. Munthu apezadi bwino, nayamika mphini.

Tisaganize kuti Azungu anali ocenjera koposa ife pa nkhaniyi. M'misewu ya London, zaka 300 zapitazo, munali anthu oyenda ndi timipeni, ofuula kuti adula tinjere ta m'mapazi. Lewis Durlacher, amene anali kusamala mapazi a mafumu atatu a ku England, George IV, William IV ndi Victoria, analemba buku la nthendazi m'caka ca 1845. Abraham Lincoln, pakati pa nkhondo ya ku America m'caka ca 1862, anaitana Isachar Zacharie kudzamkonza mapazi. Mankhwala amene agulitsa lero m'sitolo ya mankhwala ndi salicylic acid, amene dzina lace licokera ku mtengo wa willow wa m'mbali mwa mitsinje ya ku Ulaya. Hermann Kolbe wa ku Germany anapeza njira yowapangira m'caka ca 1860, ndipo kuyambira 1874 anayamba kupangidwa ambiri m'fakitale. Tipulasitala tambiri ta kanjere tili ndi magawo 40 pa 100 a asidi ameneyu. Asipirini, amene anayamba kugulitsidwa m'caka ca 1899, ndi mbale wace. Ndico cifukwa cace ena asinja mapiritsi ndi kusakaniza ndi ndimu, ngakhale mphamvu yace pa khungu ndi yocepa. Pulasitalayo agwira nchito kwa munthu wa thupi labwino, koma akasendera kumbali adya khungu losalakwa.

Tsopano ndifika pa lezala, ndipo apa ndipempha owerenga asafulumire. M'nyumba zambiri bambo akhala pa khonde Loweruka madzulo, phazi pa bondo, ali kusenga kanjere ndi lezala yometera ndevu. Kuwawa kucepa nthawi yomweyo, pakuti nsonga ija yafupika; ndipo ku cipatala dotolo acitanso comweco, koma ndi mpeni wophikidwa, poyera, ndi dzanja lodziwa polekezera. Munthu wodzisenga yekha aweramira phazi lace mumdima, afunafuna muzu umene kulibe, ndipo aleka ataona mwazi. Bala la kuphazi likhala m'fumbi ndi m'thukuta. Likhoza kutukusira, likhoza kulowetsa kafumbata. Ndipo lezala yobwerekana ipatsirana nthenda za m'mwazi.

Kwa munthu wa nthenda ya shuga, imene yaculuka m'matauni athu, zimenezi zikhoza kutha ndi kudulidwa mwendo. Shuga akakhalitsa aononga mitsempha ya kumapazi, kotero kuti munthu samva kuwawa, ndiponso mwazi suyenda bwino, kotero kuti bala silipola msanga. Makolo athu anaziona izi pa khate. Anali kuganiza kuti khate ndilo lidya zala. Dotolo Paul Brand, amene anayamba nchito ku Vellore m'dziko la India m'caka ca 1946, anaonetsa kuti zala za akhate zitha cifukwa ca mabala amene mwini wace sawamva: aponda minga, apsa ndi moto, nsapato imluma, iye nangoyendabe. Anawasokera nsapato za mphira wofewa, ndipo mapazi ambiri anapulumuka. Atasamukira ku Carville, m'dziko la America, m'caka ca 1966, nzeru yomweyo inathandiza odwala shuga. Kwa iwo cikang'a kapena kanjere kakhoza kubisa cironda pansi pace. Cotero munthu wa shuga, kapena amene mapazi ace acita dzanzi kapena kuzizira, asakhudze kanjere ndi lezala, kapena pulasitala wa asidi, kapena papaya. Asabviikenso phazi m'madzi amene sanayese ndi cigongono. Aone mapazi ace tsiku ndi tsiku, kunsi ndi pakati pa zala, ndipo akaona kufiira, kutupa kapena madzi, apite ku cipatala tsiku lomwelo. Ngati maso ace afooka, mwana kapena mdzukulu amuonere.

Sing'anga weni weni wa kanjere ndiye wosoka nsapato uja wa pansi pa mtengo pa msika. Iye anyowetsa cikopa pa malo oluma, alowetsa cikombole ca mtengo, nacisiya usiku. M'mawa cala capeza malo. Kanjere kakasiya kupanikizidwa kaphwa kokha pa masabata angapo, pamene khungu latsopano likankha lakale. Poyembekeza, dulani kansalu kokhuthala kapena kasiponji ngati mphete, kuti nsapato itsamire pa mpheteyo ndipo kanjere kakhale pa dzenje la pakati. Pogula nsapato pitani madzulo, pakuti phazi litupa ndi kuyenda kwa tsiku. Yesani mapazi onse awiri muli ciimire, mutabvala masokosi, ndipo kutsogolo kutsale malo okwana cala cacikulu ca kudzanja copingasa. Ngati kanjere kabwererabe m'nsapato yotakasuka, kapena cala cinapindika, pamenepo cifukwa cili m'fupa, ndipo ndi nchito ya dotolo.

Amesenjala akale a pa boma, amene anali kuyenda mitunda yambiri ndi makalata, anali ndi njira yao yacidule. Anali kutenga lezala yomweyo ndi kung'amba nsapato pa malo a cala cacing'ono, kamng'alu kamodzi kapena tiwiri, ndi kupaka polishi wakuda pa sokosi kuti bwana asaone.